Msonkhano wa M'chiwaya

Kunyumba kwa apongozi anga chakudya cha pa holide chimaphikidwa ngati kukubwera asilikali. Pamakhala nkhuku zowotcha, mpunga wodzaza poto wamkulu uja wothyoka chigwiriro, mbatatesi, kabichi, karoti, nsawawa, ndi msuzi woti munthu atha kusambamo. Anthu amadya mpaka kumasula malamba, koma zakudya zimatsalabe, ndipo Amayi, apongozi angawo, amachita dala. Kwa iwo phwando lenileni ndi la mawa lake m'mawa, pamene zotsala zonse zija zimakakumana m'chiwaya chimodzi. Ana awo anachipatsa dzina chakudya chimenechi adakali ang'ono. Amachitcha msonkhano.

Msonkhano uli ndi lamulo lake, ndipo Amayi sachita nalo masewera: mlendo salawa. Iwo amati kupatsa mlendo mkute ndi kudzitukwanitsa tauni yonse. Mlendo amamukhazika pabalaza n'kumubweretsera thireyi ya tiyi wa m'kapu ya sosala, buledi wodulidwa mwaulemu, ndi mazira okazinga kumene. Eni nyumba okha ndiwo amapanikizana m'khitchini, chiimirire, aliyense foloko m'manja, kulimbirana m'chiwaya ngati nkhuku pa gaga.

Thireyi imeneyo ndinaidyapo, chaka chimene Wamtali anabwera nane kudzandionetsa kwawo. Wamtali anali mwamuna wanga, mwana woyamba wa Amayi, munthu wa ntchito za magetsi amene ankasintha babu osakwera pampando. M'mawa umenewo ndinakhala pabalaza ndekha, mawondo pamodzi, kumatafuna buledi ngati ndili pa mayeso, kwinaku kuseri kwa khoma kukumveka phokoso ngati anthu akulimbirana cholowa. Ndinachita nsanje, sindibisa. Ine ndinakulira kwa azakhali anga, nyumba ya anthu awiri momwe supuni ikagwa pansi tonse tinkadzidzimuka, ndiye phokoso lija ndinkalisirira kuposa chakudyacho.

Chaka chotsatira, titakwatirana, ndinadzuka m'mawa n'kukakhala pabalaza pomwe paja kudikira thireyi yanga. Amayi anasuzumira pakhomo, manja m'chiuno.

"Iwe wa tsitsi! Wakhala pamenepo ukudikira ndani? Manja akowo ntchito yake ndi kuluka mitu ya anthu basi? Tabwera kuno unyotsole nkhuku."

Ankanditcha choncho chifukwa ndimagwira ntchito mu saluni. Anandikankhira mbale ya mafupa, ndipo posakhalitsa anayamba kundikalipira kuti ndikusiya nyama yambiri kumsana kwa nkhuku, kuti kaya kwathu tinkaweta agalu onenepa bwanji. Ena amasunga zithunzi za tsiku la ukwati. Ine ndimadziwa kuti ndinalowa m'banja muja tsiku limene apongozi anandikalipira koyamba.

Kuyambira pamenepo mafupa anali anga. Aliyense anali ndi gawo lake. Nesi, mchemwali wa Wamtali amene amagwira ntchito kuchipatala, ankadula anyezi akulira n'kumatukwana amene anayambitsa zodya anyezi. Makaniko, mng'ono wawo, ankayenera kuduladula mbatatesi zadzulo, koma theka linkathera m'kamwa mwake. Amayi ankasunga mazira ndi kulamula. Chiwaya chokha chinali cha Wamtali, ndipo panalibe wina wololedwa kuchikhudza.

Ankayamba ndi mafuta pang'ono ndi anyezi, mpaka anyeziyo afiire. Kenako mbatatesi, nyama yanga ija, mpunga, masamba pomalizira, ndi msuzi wadzulo wogwirana uja supuni imodziimodzi, osati kukhuthula. Akatero ankatsindira zonse ndi kumbuyo kwa chipande, n'kupinda manja pachifuwa, n'kuima ngati mlonda wa pageti. Wina akangotambasula dzanja kuti atakase, ankamva mawu ake aja: "Usiyeni msonkhano, anthu akambirane." Pansi pakagwira, ankaboola timaenje pamwamba, Amayi n'kuswamo mazira, iye n'kuvundikira. Chimene tinkamenyanirana kwambiri chinali makoko a pansi, ofiira, okhukhuta, amene ankatuluka ngati chimbale chimodzi.

Wamtali anamwalira nyengo yozizira isanathe. Anadwala kwa nthawi yochepa kwambiri moti mpaka pano ndimakwiya ndikamva anthu akuti anapumula, ngati kuti anali atatopa. Mwana sitinakhale naye. Tinayesa, tinapita uku ndi uku, kenako tinangosiya n'kumaseka zina. Maliro atatha, aliyense anabwerera kwawo, ine n'kubwerera ku zipinda zathu za pamwamba pa sitolo ya utoto, komwe jekete lake linali likadali pa msomali kuseri kwa chitseko.

Amayi sanasiye kundiimbira foni, koma foni zake zinasintha. Kale ankaimba kuti andikalipire: mwana wawo waonda, makatani anga ndi akuda, bwanji sindinabwere kudzawaluka. Tsopano ankangoti, "Mwadzuka bwanji, mwana wanga? Koma mukudya?" Ulemu umenewo unkandiopsa kuposa mkwiyo wawo wonse. Chimene chinkandimangirira kunyumba ija anali munthu mmodzi, ndipo munthuyo tinali titamuika m'manda. Funso limene linkandidya ndinkaopa kulifunsa mokweza: kodi ndikadali wawo?

Holide itayandikira, Nesi ndiye anaimba.

"Alamu, Amayi akuti ngati mungakwanitse, mubwere."

Ngati mungakwanitse! Zaka zonsezi panalibe amene anandiitanapo, chifukwa mwini nyumba saitanidwa, amangouzidwa kuti abweretse tomato. Komabe ndinalongedza chikwama, n'kuikamo chipeso ndi mafuta a tsitsi la Amayi monga ndinkachitira nthawi zonse, ndipo ndinakwera basi mtima uli m'mwamba.

Tsiku la phwando lonse anandisunga ngati dzira. Ndikagwira mpeni, wina ankandilanda. Ndikayandikira sinki, Nesi ankatsekereza ndi thupi lake lonse. Mpando wa Wamtali anauchotsa patebulo n'kukauika m'kolido, ataunjikapo zovala zosasita kuti usaoneke ngati mpando. Dzina lake palibe amene analitchula. Makaniko, munthu amene kale ankandiseka kuti ndimaluka anthu mpaka nsidze zawo zikwere kumwamba, ankandipatsa mchere ndi manja awiri. Pambali pake panali mkazi wake watsopano, mphunzitsi wa ana ang'onoang'ono, mtsikana wofatsa amene sindinamupeze chifukwa ngakhale ndinayesetsa kumufunira.

Ndinadzilimbitsa mtima kuti zonsezi ndi za lero, mawa kuli msonkhano. Pochotsa mbale, maso anga anatsatira mafupa a nkhuku mpaka analowa mufiriji, ngati munthu amene akuona katundu wake akukwezedwa pa lole.

Kutacha ndinadzuka ndisanamve phokoso la munthu, ndinamanga duku, n'kutsika kolido ndikupinda manja a bulauzi. Ndinapeza chitseko cha khitchini chili chotseka. Chitseko chimenecho sichinkatsekedwa n'kale lomwe. Ankachitchinga ndi simbi yakale yositira imene inafa ine ndisanabwere m'banjamo. M'mawa umenewo simbi ija inali itakankhidwira kukhoma. Nditatsegula, anthu onse anangoti zii. Nesi anali ndi anyezi wake, Makaniko anali ataima pa sitovu, ndipo pakona panga, pafupi ndi zenera, panali Mphunzitsi, zala zake zili mu mbale yanga ya mafupa.

Amayi anapukuta manja pa epuloni, nabwera kudzandigwira pachigongono mofatsa, mmene amagwirira wodwala.

"Bwerani kuno, mwana wanga. Lero musavutike. Khalani pabalaza mupumule."

"Sindinatope, Amayi."

"Tikudziwa. Khalani basi."

Ndikanakana. Pakamwa ndili napo, makasitomala anga akhoza kuchitira umboni. Koma munthu akakukalipira umadziwa poyankhira. Akakukomera mtima, mawu amasowa. Ndinangowatsatira ngati mbuzi ya pachingwe.

Pabalaza ndinapeza pali kale munthu. Anali mnzake wa Nesi wa kuchipatala, mayi wonenepa wansangala amene kwawo kunali kutali, ndiye Nesi anamutenga kuti asadye holide yekha. Anafika mochedwa, mbale zitachotsedwa, ine nditapita kale kukagona ndi mutu wongonamizira, choncho sitinadziwane. Tisanamalize moni, Mphunzitsi analowa ndi thireyi. Panali makapu awiri a sosala, buledi wodulidwa mwaulemu, mazira okazinga kumene, ndi kansalu koyera kopukutira pakamwa. Anaiika patebulo osandiyang'ana kumaso, natuluka chamsangamsanga n'kukatsekanso chitseko chija.

"Anthu awa amadziwa kulandira alendo, eti?" anatero mayi uja akupaka majarini. "Taonani kansaluka! Kwathu mlendo timangomupatsa kapu ya pulasitiki, asangalale asasangalale. Inuyo mwachokera kutali?"

"Ayi, konkuno."

"Ndinu mnzake wa ndani, wa Nesi kapena wa akazi a Makaniko?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndine mkazi wa Wamtali, koma ndinabweza mawuwo. Ndinangoti, "Ine ndine wa tsitsi."

"Ooo, ndinu amene mumawaluka mayiwa? Ndiye mundipatse nambala yanu, chifukwa amene amandiluka ine amandikoka ngati ndinamulakwira."

Ndinamupatsa nambala. Kodi ndikanatani? Kenako ndinatchera khutu kukhoma, tiyi akuzizira m'manja. Kale kuseri kwa khoma limenelo kunkachokera phokoso loti anansi ankafunsa ngati kuli ndewu. Tsiku limeneli kunkangomveka manong'onong'o, ngati anthu akuba m'nyumba mwawo momwe. Chisoni chinandigwira, cha ine ndi cha iwo omwe. Koma kenako ndinamva china: kwee, kwee, kwee. Chipande chikukanda pansi pa chiwaya, osapumira. Makaniko anali akutakasa. Fungo nalo linandipeza, la anyezi wosafiira ndi msuzi wokhuthulidwa wonse nthawi imodzi. Apa chisoni chija chinasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo ndiye ndimadziwa kuugwiritsa ntchito.

Ndinaika kapu pansi, ndinapita kukatsegula chitseko, n'kukokera simbi ija pamalo pake ndi phazi.

"Alamu, kodi mukuphika phala la mwana?"

Makaniko anacheuka, thukuta lili kamukamu, chipande m'manja ngati sipanala yolakwika saizi. M'chiwaya munali zinthu zotuwa, zamadzimadzi, zikubwata mwachisoni.

"Alamu, ine ndimangoyesa," anatero. "Achimwene ankachita mwachangu, sindinkaona bwinobwino."

"Munkaona bwanji pakamwa pali podzaza mbatatesi? Patseni kuno."

Anandipatsa mosangalala, ngati munthu amene wachotsedwa minga. Amayi anafuna kulankhula, koma ndinali nditayamba kale. Ndinatunga msuzi wochulukawo n'kubwezera m'poto. Ndinakankhira zonse mbali imodzi, n'kuthira timafuta pamalo potsalapo, ndipo ndinauza Nesi kuti adule anyezi wina, chifukwa woyambayo anamira osalawa moto. Mufiriji munali mutatsala mpunga wouma, umene ndinauwaza pamwamba kuti umwe madzi. Kenako maso anga anagwera mu mbale ya mafupa imene Mphunzitsi ankati wamaliza.

"Aphunzitsi, izi mukupita nazo kuti?"

"Kukataya, alamu. Nyama yatha."

"Yatha? Tembenuzani nkhukuyo." Anaitembenuza. Ndinamuonetsa timinofu tiwiri tofewa tobisala kumsana, pamwamba pa ntchafu, ndi ina ya pansi pa mapiko imene imatuluka ukalowetsa chala chachikulu. "M'nyumba muno mukataya izi, mumva mbiri ya agalu a kwanu."

Mtsikana uja anaseka, ataphimba pakamwa ndi mkono. Nesi anayamba kulira ndi anyezi n'kumatukwana mwachizolowezi. Makaniko, poona kuti wamasulidwa, anatambasula dzanja kuti abe mbatatesi, ine n'kumumenya ndi chipande pa zala. Anakuwa ngati ndamudula. Phokoso linayamba kubwerera m'khitchini muja pang'onopang'ono, ngati magetsi akabwera ofooka. Kenako kumbuyo kwanga kunamveka mawu amene ndinawadikira miyezi yonseyi.

"Iwe wa tsitsi! Moto wachuluka uwo, ukufuna utiwotchere nyumba?"

Ndinachepetsa moto ndikumwetulira ngati chitsiru. Munthu sanasangalalepo chonchija chifukwa chokalipiridwa. Ndinatsindira zonse ndi kumbuyo kwa chipande, kuyambira m'mbali mpaka pakati, ndipo ndinaima pambali kudikira. Sindinadziwe kuti ndapinda manja pachifuwa. Mphunzitsi, pofuna kuthandiza, anatenga supuni kuti atakase, ndipo mawu anangotuluka okha m'kamwa mwanga.

"Usiyeni msonkhano, anthu akambirane."

Nesi anasiya mpeni. Makaniko anayang'ana kudenga. Chinkangomveka ndi chiwaya chokha, chikulira pansipansi. Sindinachite dala, Mulungu akudziwa. Ukakhala ndi munthu zaka zambiri, mawu ake amasamukira m'kamwa mwako osakupempha.

Pansi patagwira, ndinaboola timaenje. Amayi anabwera ndi mazira, naswa limodzilimodzi osalankhula, ine n'kuvundikira. Titavundukula, mazira anali atagwira bwino, pakati pakadali pofewa. Ndinalowetsa chipande m'mbali, ndipo makoko anatukuka onse pamodzi, ofiira bwino, osapserera. Aliyense anatenga foloko. Nesi anandipatsa yanga osafunsa, ndipo ndinaima pakati pawo, phewa kukhudza phewa.

Amayi ndiwo anayamba, monga mwa nthawi zonse. Anabaya pakona, natenga kachidutswa ka makoko ndi dzira pang'ono. Anatafuna nthawi yaitali. Kenako anaika foloko pa sinki mosamala, ngati ingasweke, natuluka pakhomo la kuseri.

"Idyani," ndinauza enawo. "Chikazizira sichikoma."

Ndinawapeza atakhala pa ndowa yovundikira, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala, akuyang'ana mpanda. Sankalira mokweza. Misozi inkangotsika yokha, iwo osaipukuta. Ndinanjuta pambali pawo, ndipo posowa chonena ndinafunsa funso lopusa.

"Mchere wachuluka, Amayi?"

"Ndi chomwecho," anatero. "Ndi chomwecho ndendende. Bola chikanapserera. Bola chikanakhala phala la Makaniko lija, ndikanadya n'kukhuta."

Kenako anapitiriza, maso akadali pa mpanda.

"Anawa ndinawauza kuti tisakulowetse m'khitchini, ungakumbuke zambiri n'kuyamba kulira. Anandikhulupirira. Koma ndimadziteteza ndekha, mwana wanga. Ukamalowa pakhomo, maso anga sayang'ana iwe. Amathamangira pamwamba pa mutu wako, pomwe pankatulukira nkhope yake. Dzulo lonse ndakhala ndikuyang'ana pamwamba pa mutu wako, ndipo palibe kanthu, pali khoma basi."

"Ndiye ndizivala chipewa chachitali," ndinatero.

Anaseka pang'ono, kuseka kotuluka ndi mamina, napukuta mphuno ndi epuloni.

"Pakamwa pakopo. Ndi pomwe anakukondera." Anapuma mozama. "Bambo awo atamwalira, ine ndinatsala ndi ana ondikoka siketi mbali zonse. Ndinalibe nthawi yofunsa kuti ndine wa ndani. Iwe ukadali mtsikana. Ukamabwera kuno chaka ndi chaka kudzanyotsola nkhuku, udzakalambira pa mafupa athu. Mlandu umenewo sindifuna kudzauyankha."

"Sindinapemphe kuti mundimasule, Amayi. Ndimangofuna mbale yanga ya mafupa."

"Ndikudziwa."

"Kwina kulibe kumene amandikalipira."

"Ndikudziwa," anateronso. Kenako anavula duku. Tsitsi lawo linali litasokonekera, imvi zitachuluka kuposa mmene ndinazisiyira, ndipo zinkaoneka kuti chichokereni maliro palibe amene analigwira bwinobwino. "Chipeso wabwera nacho?"

Ndinathamangira kuchipinda kukatenga chipeso ndi mafuta. Ndinakokera mpando panja, iwo n'kukhala pa mkeka pakati pa mawondo anga, atandifulatira. Ndipo pamenepo chinachitika chinthu chimene sichinachitike chiyambire maliro: anayamba kukamba za Wamtali. Mwina chifukwa sankandiona nkhope, kapena pamwamba pa mutu wanga. Anandiuza mmene ali mwana anamasulira wailesi ya bambo ake kuti aone anthu olankhulamo, ndi mmene anatalikira chaka chimodzi mpaka mathalauza onse anasanduka makabudula. Ine ndinawauza kuti ankaopa mphemvu, munthu wogwira mawaya a moto ndi manja, ndipo ikatulukira ankandiitana ine. Amayi anaseka mpaka ndinalakwitsa mzere. Anandimenya pa bondo kuti ndikukoka kwambiri, kuti kaya ndinaphunzira kuluka pa mchira wa ng'ombe. Tinalira, tinaseka, tinaliranso. Nesi anatibweretsera tiyi m'makapu wamba osweka milomo, ndipo mumtima ndinati, basi, zatheka. Mawu aja anali a chisoni chabe. Ndikadali wawo.

Dzuwa litakwera ndinayamba kukonzeka, chifukwa mawa lake saluni inkatsegulidwa. Ndikutseka chikwama, ndinamva Amayi akutsegula kabati ya makontena. Makontena a Amayi ndi nkhani ina. Amawadziwa onse ngati ana awo, chivundikiro chilichonse ndi mwini wake. Akakupakulira chakudya, kontenayo imayenera kubwerera sabata isanathe, apo ayi foni imayamba kulira. Nthawi ina anakwera basi kudutsa tauni yonse kutsatira chivundikiro chimodzi kwa Nesi. Wamtali ankati ndi msampha, kuti amatipatsa dala kuti tibwerenso, ndipo zinalidi choncho. Maulendo anga ambiri opita kunyumba ija ankayamba ndi mawu akuti, "Ndabweretsa kontena yanu," n'kuthera pa tiyi ndi miseche mpaka madzulo.

Anasankha yabwino koposa, ya chivundikiro chobiriwira, imene ngakhale Nesi sankaloledwa kutuluka nayo. Anapakuliramo msonkhano wotsala, naika pamwamba chidutswa chachikulu cha makoko chimene anachibisa kuti Makaniko asachione. Anaikulunga m'kansalu kuti isazizire. Nditaona chivundikiro chobiriwiracho mtima wanga unakhala m'malo.

Onse anandiperekeza mpaka pakhonde. Makaniko anati ndibwere ndi galimoto yanga adzaikonze ulere, podziwa kuti ndilibe ngakhale njinga. Mphunzitsi anandigwira dzanja nati zikomo chifukwa cha za kumsana kwa nkhuku zija. Mlendo uja anakuwa ali pabalaza kuti adzandiimbira za tsitsi. Amayi okha ndiwo anapitirira nane mpaka pageti, atanyamula kontena ija, mizere yatsopano ikuwala mafuta pamutu pawo.

Pageti anandipatsa kontenayo, ndipo manja awo anakhala pamwamba pa anga kanthawi.

"Ndibweretsa sabata yamawa, Amayi," ndinatero. "Chivundikiro chomwe, musaope."

Anandiyang'ana kumaso, pa nkhope panga penipeni, kwa nthawi yoyamba chifikireni. Anandikonza kolala ya bulauzi imene sinali yopindika n'komwe.

"Ayi, mwana wanga," anatero mofatsa. "Musavutike nayo. Isungeni."

Anatseka geti pang'onopang'ono kuti isalire. Ndinamva masilipasi awo akubwerera kunyumba, kenako mawu awo, akukalipira Mphunzitsi kuti wasiya chiwaya m'madzi, chichita dzimbiri.

Kontena ija inali idakali yofunda. Ndinaigwira ndi manja awiri mpaka pa siteji, ndipo basi yoyamba itafika ndinaisiya ipite, chifukwa maso anga sankatha kuwerenga kumene ikupita.